Chitseko cha Kalipentala Chasiya Kulira

3 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Msana uja ukuti bwanji? Achimwene andiuza kuti mukunyamulabe matabwa nokha ngati mnyamata. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira sikunathe.

Ndalemba kalata yeniyeni chifukwa ndikudziwa kuti uthenga wa pafoni mumati ndi wa anthu othamanga. Achimwene akusindikizirani papepala, yankho lanu alijambule n'kunditumizira monga mwa masiku onse.

Nkhani ndi iyi, ndipo musadzidzimuke. Kampani yaikulu ya magemu a pakompyuta ija yatichotsa ntchito. Gemu ya nkhondo imene takhala tikupanga zaka zisanu, ija ndinkakuuzani kuti ine ndimapangamo phokoso la mapazi a asilikali, aithetsa isanatuluke n'komwe. Akuti yadya chuma chambiri, pamene anthu masiku ano akungokakamira gemu imodzimodzi chaka ndi chaka osafuna ina. Anatiitanira m'holo, anatithokoza ndi mawu okoma, pofika masana tinali panja ndi makatoni m'manja. Si ife tokha, anzathu a m'makampani ena zawaoneranso zomwezi. Ife opanga mawu ndiye anatiuza mosabisa kuti kompyuta tsopano ikhoza kutulutsa phokoso lililonse ukangoilembera zimene ukufuna.

Ndinalira, sindikana. Koma panopa mtima uli m'malo. Tagwirizana anthu atatu: mtsikana wina wojambula zithunzi, mwamuna wina wolemba mapulogalamu amene timamutcha Wamtali, ndi ine. Ofesi yathu ndi khitchini ya wojambulayo, tebulo limodzi ndi ketulo. Tikupanga gemu yathuyathu, yaing'ono, yopanda mfuti. Wosewera amalowa m'shedi ya kalipentala kukaphunzira ntchito. Anthu amabwera ndi mipando yothyoka, mabedi ogwedera, iye n'kumakonza. Basi. Mukhoza kuseka, koma alipo ambiri amene atopa ndi kuthamangitsana, akufuna gemu yopumitsa mtima.

Kumapeto kwa Juni tikaonetsa kachigawo kake kwa kampani ina yofalitsa magemu ang'onoang'ono. Akaikonda atithandiza kuti tiimalize. Akaikana tibalalika, ndipo ine ntchito ya mawu ndiisiyira pomwepo, chifukwa kwina konse zitseko n'zotseka.

Ndiye pempho langa si ndalama ayi. Ndikufuna mawu a m'shedi mwanu. Ndatumiza kachipangizo kojambulira mawu kudzera kwa achimwene. Mundijambulire sowo, puleni, hamala, sandipepa, chitini cha misomali, chitseko, zonse mmene zimamvekera tsiku ndi tsiku.

Mupereke moni kwa amayi.

Ndine mwana wanu,
Nautuchi

21 Malichi

Mwana wanga Nautuchi,

Kalata yako ndalandira ndipo ndawerenga kawiri. Kachitatu anandiwerengera amayi ako mokweza ngati kuti ndine gonthi. Tonse tili bwino. Msana ndi wanga, usiye ndiusamale ndekha.

Za ntchito yathayo zandikhudza, komanso zandidabwitsa. Ine chiyambire sindinaonepo munthu akupala kabati zaka zisanu kenako n'kuisonkhezera pamoto isanaikidwe ngakhale chogwirira. Mabwana akowo akanakhala ana anga a ntchito ndikanawakhazika pansi. Za kompyuta yopanga phokoso sindinenapo zambiri. Ungondifunsirako ngati inagwirapo sowo.

Koma pali chimene sindikumvetsa. Munthu wagula gemu kuti apumule, ndiye m'gemumo akukagwiranso ukalipentala popanda womulipira? Ngati anthu otere alipodi, uwatumize kuno. Ndili ndi madesiki a sukulu akudikira sandipepa, asewera mpaka manja atuluke matuza.

Ngakhale zili choncho ndasangalala. Dzina lakoli ndinakupatsa ndine, chifukwa amayi ako ankati akakusambitsa m'mawa, pofika masana n'kuti uli mbuu ndi utuchi mpaka m'makutu. Sindinkadziwa kuti utuchiwo unalowa mpaka m'mutu. Mnzanga wowotcherera zitsulo pafupi apa ndamuuza kuti shedi yanga ikupita kunja. Iye akuti ndikunama, shedi singakwere ndege. Ndamusiya, sukulu anaithawa kale.

Kachipangizo kaja kafika. Mchimwene wako akukasunga ngati dzira, ine sakundilola n'kukakhudza komwe.

Usade nkhawa ndi kanthu. Bambo ako sangakuchititse manyazi pamaso pa anthu akunja. Ndayamba kale kukonzekera.

Ndine bambo ako

9 Epulo

Mlongo wanga,

Moni wa kuno. Pepa ndachedwa kutumiza mawu aja. Mlandu si wanga, ndi wa makina atsopano amene ndagulira shopu yanga yoseweretsa magemu ija. Tangoganiza, makina a magemu opanda polowetsa disiki! Gemu iliyonse uitsitse pa intaneti. Loweruka anyamata adzaza pabenchi, mapadi osewerera ali m'manja, makina akuti dikirani kaye ndikonze zina. Bandulo yonse ya intaneti inathera pomwepo, anyamata n'kutulutsa mafoni awo kumasewera okha, ena kumaonera munthu wina akusewera kutali uko. Kuonera mnzako akusewera! Madisiki anga akale ali m'katoni, palibe wowafunsa. Gemu ya mpikisano wa magalimoto ija tinkaikonda ndiye inafa yokha, eni ake anatseka kwawoko, kuno imangozungulira kachizindikiro osatseguka. Chinthu ndinagula ndi thukuta langa. Inu opanga magemu mudzayankha tsiku lina.

Koma shopu ikuyenda. Gemu ya mpira ndiyo ikutidyetsa, ngakhale chaka chilichonse imabwera yomweyo atangoisintha majezi.

Tsopano imva za tsiku lojambula. Ukanakhalapo ukanagwa ndi phwete. Bambo anatenga sabata yathunthu akukonzekera. Anasesa shedi yonse, utuchi anauwolera m'matumba, pansi anawaza madzi. Sowo ananola, puleni ananola, benchi yogwedera ija anaikhoma. Misomali anaichotsa m'chitini n'kuiika m'timabokosi malinga ndi kutalika kwake. Wailesi anaitengera m'nyumba. Wowotcherera anamupempha kuti asayatse makina ake mpaka masana, amayi anauzidwa kuti atsekere nkhuku.

Tsikulo ndikufika ndinawapeza avala jekete ndi tayi.

"Bambo, kachipangizoka sikaona," ndinatero. "Kamangomva."

"Munthu wovala bwino amamvekanso bwino," anatero. "Yatsa."

Nditayatsa anawerama pang'ono n'kunena kuti, "Moni nonse kunjako. Mukumva kalipentala." Kenako anacheka thabwa mwaulemu ngati akudula keke ya ukwati. Sanatsokomole, sanaimbe kamluzu kawo kaja, sanakalipire thabwa ngakhale kamodzi. Amayi atasuzumira kuti afunse za tiyi anawabweza ndi dzanja.

Ndatumiza zonse. Chitseko chilimonso, chakumapeto. Usadabwe, anachigulira mahinjesi atsopano n'kuthiramo oyilo. Panopa chimatseguka ngati cha kubanki.

Ukapeza mpata unditumizireko mapadi awiri. Anga anyamata awafinya mpaka wosewera akumathamanga yekha munthu usanakhudze.

Mchimwene wako

16 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi amayi. Zikomo kwambiri chifukwa cha ntchito yonse munagwira, achimwene andifotokozera mpaka za tayi. Moni wanu uja anzanga amumva, ndipo Wamtali anaimirira n'kuyankha.

Koma Bambo, chitseko mwachitani?

Ndinavala mahedifoni, ndinatseka maso kuti ndifike kwathu, koma sindinafike. Sowo ikumveka bwino, puleni ikumveka bwino, koma ndi shedi ya munthu wina. Mulibe wailesi, mulibe nkhuku, mulibe inu. Pofika pa chitseko ndinangomva kamphepo. Ndinabwereza kangapo kuganiza kuti achimwene anaiwala kuyatsa.

Gemu yathu yonse imayambira pa chitseko chimenecho. Chithunzi choyamba ndi chitseko chotseka, wosewera amachikankha, chimalira, kenako amalowa. Ndinawauza anzanga kuti kwathu kuli chitseko cholira kawiri, chimayamba kwiii motalika, n'kumalizira kakang'ono ngati chikufunsa funso. Nditawayeserera ndi pakamwa anaseka mpaka wojambula anatayira tiyi pa zithunzi zake. Anati chimenecho ndiye chofunika, zinthu zakale, zothaitha, zimene anthu kuno sanazimvepo. Zosalala ali nazo kale zambiri.

Chonde Bambo, bwezerani mmene zinalili. Benchi izigwedera, misomali ibwerere m'chitini, chitseko chilire. Jekete muvule. Nthawi yatsala pang'ono.

Mwana wanu,
Nautuchi

2 Meyi

Nautuchi,

Tili bwino. Kalata yako ndaiona.

Zitseko za m'dera lino zambiri ndinapachika ndine, ndipo palibe chimene chimalira. Ngati anzakowo akufuna zothaitha zoti aziseka pomwa tiyi, akafune kwina. Ine ndinakutumiza kusukulu kuti anthu azikulemekeza, osati kuti uzikawasangalatsa ndi umphawi wa kwanu.

Mawu ndinakupatsa abwino. Ugwiritse ntchito amenewo.

Bambo ako

10 Meyi

Achimwene,

Muli bwanji? Mapadi ndatumiza, muwauze anyamatawo kuti batani si mdani wawo.

Kalata ya bambo mwaiwerenga, popeza munaijambula ndinu. Ndalakwitsa kalembedwe, ndikudziwa. Ndimafuna kunena kuti chitseko chija ndimachikonda, koma papepala zatuluka ngati tikuwaseka. Ndaimba foni kawiri, amayi akuti bambo ali kotenga matabwa. Lamulungu, achimwene? Matabwa Lamulungu?

Kuno tayesa zonse. Wamtali anailembera kompyuta ija kuti itipatse chitseko chakale cha shedi. Inatipatsa zitseko zambirimbiri nthawi yomweyo, koma chilichonse chikumveka ngati kuseri kwake kuli mfiti. Wosewera akamva amayembekezera kuti chinachake chimudumphira. Ine ndazungulira nyumba yonse imene ndimakhala ndi maikolofoni, kutsegula makabati a anthu, mpaka mayi wa chipinda choyandikana nane wayamba kundiyang'ana mokayikira. Palibe chimene chikuti lowa, wafika kwanu.

Mwina muganiza kuti ndikukulitsa nkhani, chitseko n'chitseko. Koma anthu ofalitsa magemuwa amaona magemu ochuluka pa tsiku limodzi. Akapanda kugwidwa mtima poyambirira penipeni amatseka n'kutsegula ina. Ife tilibe zithunzi zoopsa, tilibe magalimoto ophulika. Tili ndi chitseko basi.

Simungayese inuyo bambo akachokapo? Mupukute oyiloyo, mwina chiyambiranso.

Mlongo wanu

24 Meyi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha chifukwa amuna a pakhomo pano onse awiri mitu yawo sikuyenda bwino. Usaseke zilembo, magalasi anga bambo ako anawakhalira.

Tili bwino. Nkhuku zinatsekeredwa tsiku lija mpaka lero sizinandikhululukire.

Mchimwene wako anayesa zimene unamutuma. Anapita ndi sopo ndi madzi a mchere bambo ako ali kumsika, anatsuka mahinjesi, anathira mchenga. Chitseko chili duu, osalira. Bambo ako pobwera anangoona madzi pansi n'kufunsa kuti, "Kodi chitseko changa chayamba kusamba?" Mnyamata wamkulu ndi ndevu zake anasowa poyang'ana.

Tsono tamvera. Bambo ako sanakwiye, apwetekedwa. Sabata yonse ija ankadzuka m'mamawa kukakonza shedi, akuimba. Ankati mwana wanga akaonetse anthu kuti anachokera kwa mmisiri. Ndiye iwe n'kulemba kuti anzako anaseka. Mawu amenewo anawalasa, ndipo kalata yako anaipinda kakang'onong'ono.

Koma nawenso ndikufunse. Iwe ndi sukulu yako yonseyo, sunadabwepo? Munthu amene amati akamva chitseko cha mnansi chikulira amanyamuka ndi oyilo osaitanidwa, chake chinalira bwanji zaka zonsezi? Ukuganiza kuti oyilo ankamusowa? Ine ndinadandaula mpaka ndinatopa, ankangoti mawa, mawa. Chinayamba kulira chaka chimene iwe unayamba kuyenda. Zina ndikudziwa, koma si zanga zonena.

Ndikuuze chinanso. Pochapa jekete lija ndinapeza hinjesi yakale m'thumba lam'kati, atakulunga m'kansalu. Yam'munsi anataya ku zitsulo zakutha ine ndikuona, koma yam'mwambayi ayi. Ndaibwezera momwemo, sindinanene kanthu.

Safunsa anadya phula, mwana wanga. Leka kutuma mchimwene wako ngati wakuba. Leka kuwauza bambo ako zochita. Afunse.

Ukudya mokwanira? Pachithunzi chija masaya alowa.

Mayi ako

29 Meyi

Okondedwa Bambo,

Moni. Sindikupempha kanthu m'kalata ino.

Pepani chifukwa cha mawu anga aja. Anzanga sankaseka inu, ankaseka ine ndi pakamwa panga poyeserera chitseko. Mawu oti zothaitha ndinalemba ndine, ndipo ndi mawu opusa. Chimene ndinalephera kunena n'chakuti kuno ndikasowa kwathu sindikumbuka msewu kapena nyumba. Ndimakumbuka kulira kwa chitseko chija, kenako inu mukutembenuka. N'chifukwa chake ndinachiika poyambirira pa gemu. Ndinkafuna kuti munthu wotopa, kulikonse kumene ali, amveko zimene ndinkamva ine.

Gemu tikaonetsa ndi mawu amene munatipatsa. Ndi abwino, ndipo ndikunyadira.

Ndingofunsa chimodzi, ngati mungafune kuyankha. N'chifukwa chiyani chinkalira?

Mwana wanu,
Nautuchi

12 Juni

Mwana wanga Nautuchi,

Tili bwino tonse. Ndikuona kuti amayi ako akhala akupisa m'matumba mwanga. Kansalu ndinamanga mfundo imodzi, ndinakapeza ndi ziwiri.

Wafunsa, ndiye ndikuyankha.

Utangoyamba kuyenda unali mwana wopanda phokoso. Mchimwene wako ankamveka ali kutali, koma iwe unkayenda ngati mphaka. Tsiku lina ndikusema mwendo wa tebulo ndi tchizulo, ndinabweza dzanja m'mbuyo, ndipo tchizulo inadutsa pafupi ndi diso lako. Unali utaima kumbuyo kwanga, sindikudziwa kuyambira nthawi yanji. Iwe unaseka. Ine ndinangokhala pansi pa utuchi.

Amayi ako anati ndizikhoma chitseko. Ndinayesa tsiku limodzi, unalira panja mpaka mawu anasasa, ine m'katimo ntchito osagwirika. Ndiye ndinazula hinjesi yam'mwamba, ndinapinda pang'ono kachitsulo kake ka pakati ndi hamala, n'kuibwezera youma. Ndinayesa kangapo mpaka inalira mokwanira kupitirira phokoso la sowo. Kuyambira tsiku limenelo chitseko chikati kwiii, ndinkaika pansi chilichonse chakuthwa, kenako n'kutembenuka. Kakulira kakang'ono kakumapeto kamene ukuti kakufunsa funso sindinapange dala. Kankabwera chifukwa unkakankha pang'onopang'ono, mphamvu unalibe.

Makasitomala ankandiseka. Wowotcherera ankati kalipentala wanji chitseko chake chikulira. Ndinkangoti mawa.

Utakula ndinazolowera. Utapita kunja ndinachisiyabe, sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndikudziwa. Pamene unati anthu akunja amve shedi yanga, ndinaganiza kuti amva ulesi wa kalipentala, poti mwana wofuna kumuteteza kulibenso. Pozula hinjesi ija dzanja linalemera, koma ndinati ndikuchitira iwe.

Dzulo ndaibwezera. Yatsopano ndampatsa wowotcherera, asiye kulongolola. Mchimwene wako anabwera ndi kachipangizo kaja. Nditakankha ine chinalira kamodzi kokha, mwachimuna. Anayesa iye, chimodzimodzi. Ndiye ndinagwada pansi n'kukankha ndi zala ziwiri cha m'munsi, pamene pankafika dzanja lako. Chinalira kawiri. Amayi ako anali pakhonde, anangolowa m'nyumba.

Tajambulanso zonse. Wailesi inali yoyatsa, nkhuku zinali pantchito yawo, wowotcherera anachita phokoso kuposa masiku onse podziwa kuti akupita kunja. Ndinakalipiranso thabwa lina lopindika. Mawu amenewo uwachotse, si oti ana amve.

Jekete sindinavale.

Ndine bambo ako

4 Julayi

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Atilandira! Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti amayi sangadikire moni. Moni tsopano. Muli bwanji nonse?

Kalata yanu, Bambo, ndinawawerengera anzanga m'chinenero cha kuno. Palibe anaseka. Wamtali anatsegula kompyuta yake n'kuyamba kulemba. Wojambula naye anatenga cholembera. Pofika madzulo anali atasintha poyambira gemu. Kale kalipentala wa m'gemumo ankangopitiriza ntchito wosewera akalowa. Tsopano chitseko chikalira amaika tchizulo pansi, n'kutembenuka, n'kukuyang'ana. Nthawi iliyonse, ngakhale ulowe kambirimbiri.

Tsiku loonetsa tinapita atatu, Wamtali atabwereka malaya a kolala amene manja ake anathera m'zigongono. Anatilandira mayi wina wa imvi, nkhope yotopa, amene zimaoneka kuti waona magemu okwanira moyo wake wonse. Anavala mahedifoni, anakankha chitseko, kalipentala anatembenuka. Mayiyo sanapite ku benchi kukayamba ntchito monga tinakonzera. Anatuluka, n'kulowanso. Anatulukanso, n'kulowanso. Ine ndinaganiza kuti china chawonongeka. Kenako anavula mahedifoni n'kufunsa kuti, "Akuikiranji pansi chitsulocho?" Ndinamuuza. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti bambo ake anali telala, ndipo ankabaya singano pa kolala yawo iye akalowa.

Si chuma chambiri, musayambe kuuza wowotcherera kuti ndagula ndege. Atithandiza chaka chimodzi kuti timalize, ndipo tikhalabe m'khitchini momwemo. Koma ndikugwira ntchito imene ndimaikonda, ndi anthu amene ndimawakonda, ndipo palibe holo yoti atiitanireko. Tapanganso pangano atatufe kuti gemu yathu izidzaseweredwa popanda intaneti, munthu akagula ikhale yake mpaka kale. Achimwene amve zimenezi, asiye kutiimba mlandu.

Kachigawo kaja ndatumiza kwa achimwene. Bambo, mupite kushopu mukaone shedi yanu. Mawu okalipira thabwa aja sindinachotse. Ndangowachepetsa.

Mwana wanu,
Nautuchi

19 Julayi

Mwana wanga Nautuchi,

Tili bwino, ndipo tasangalala kwambiri. Amayi ako auza aliyense, mpaka wogulitsa makala.

Kushopu ndinapita Lachiwiri m'mawa, nthawi imene kulibe anyamata, kuti ndisachite manyazi. Aka kanali koyamba kulowamo chitsegulire mchimwene wako shopuyo. Ndaona kuti benchi yake ikugwedera, ndikamukonzera. Anandipatsa chogwirira chija mumati padi. Zala zanga zazolowera hamala, ndiye munthu wa m'gemumo anayamba wawomba khoma, kenako anazungulira pamalo amodzi ngati nkhuku yodwala chitopa. Mchimwene wako anaseka mpaka anatsamira makina ake opanda disiki aja.

Ndili ndi madandaulo awiri. Loyamba, kalipentala wanuyo akugwira puleni molakwika, chala chimenecho adzachisenda. Umuuze wojambula. Lachiwiri, mwamupatsa dazi lalikulu kuposa langa.

Koma shediyo ndi yanga. Ndinamva wailesi yanga, nkhuku za amayi ako, chitini cha misomali. Ndinakonza mpando umodzi, ndipo ndivomere kuti mtima unakhala pansi, ngakhale palibe anandilipira. Anyamata atayamba kufika anaima kumbuyo kwanga kumaonera, wina n'kumandiuza kuti, "Madala, guluu kaye musanakhome." Kundiphunzitsa ine! Ndinamusiya, chifukwa ankanena zoona.

Chimodzi sindinakonzekere. Moyo wanga wonse chitseko chija ndachimvera m'kati. Sindinadziwe mmene zimaonekera kwa amene akulowa. Ndinakankha, chinalira, munthu uja anaika tchizulo pansi n'kutembenukira kwa ine. Ndinatuluka n'kulowanso ngati mayi wa imvi uja. Mchimwene wako anafunsa ngati padi yavutanso. Ndinati eya, yavuta.

Tsono ndi zimenezi unkaona, mwana wanga. Ndakondwa kuti unkaona zimenezi.

Amayi ako ayambiranso kudandaula za phokoso, wowotcherera wayambiranso kundiseka. Ndikungoti mawa. Oyilo ndamubisa.

Gemuyo ukamaliza ubwere udzapume. Usadzatiuze tsiku, ndipo usadzagogode. Udzangokankha, ndidzaika pansi chimene ndagwira.

Ndine bambo ako